PENSULO NDI DISO LA PABWALO: MBIRI YA KAJAMBULIDWE KA KATUNI

Munthu akamayenda pamsewu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Mchinji, kudzera pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, chimene amaona ndi minda ya chimanga, zigafa za fodya ndi dothi lofiira la katondo. Zimene zili pansi pa dothilo saziona. Koma akatswiri a za miyala adakumba, napeza kuti ku Malingunde, kummwera kwa msewuwu, ndiponso ku Kasiya, kumpoto kwake, kuli mwala wofewa, wakuda ndi wonyezimira umene Azungu amautcha graphite. M'chaka cha 2022 kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idalengeza kuti ku Kasiya ndi amodzi mwa malo amene mwalawu ulipo wochuluka zedi pa dziko lonse lapansi. Eni migodi akuufunira mabatire a galimoto zamagetsi, koma ntchito yake yakale, imene mwana aliyense wa sukulu amaidziwa ngakhale sadziwa dzina la mwalawo, ndiyo kukhala mtima wa pensulo.

Tsono popeza mtima wa pensulo uli pansi pa minda yathu, nkoyenera kuti tifunse za ntchito imodzi ya pensuloyo imene ambiri amaiyesa masewera: kujambula katuni, tianthu toseketsa tija ta m'nyuzipepala. Kodi luso limeneli lidachokera kuti? Nanga wojambula amatani kuti pepala loyera libale munthu amene tonse timamzindikira? Mfundo yanga, awerengi, ndi yakuti pensulo ndi pepala nzobwera ndithu, koma diso limene limaona munthu nkusankha pomugwira tidali nalo kale m'midzi ya Achewa, ndipo mbiri ya katuni m'Malawi ndi mbiri ya kukumana kwa ziwirizi.

Tiyambe ndi chida. M'zaka za m'ma 1500 anthu a ku Borrowdale, kumpoto kwa England, adapeza graphite wabwino kwambiri. Poyamba adamuyesa mtovu, ndipo nchifukwa chake mpaka lero Angelezi amatchula mtima wa pensulo ndi dzina la mtovu ngakhale mulibe mtovu ngakhale pang'ono. Ankaucheka timizere nkumakulunga ndi chingwe kapena kulowetsa m'kamtengo. M'chaka cha 1795, pamene nkhondo idatseka malonda pakati pa England ndi France, Nicolas-Jacques Conté adapeza njira yopera graphite, kumsakaniza ndi dongo, nkumuotcha monga amaotchera mbiya. Dongo likachuluka, pensulo imalimba ndipo imalemba mosaoneka bwino; likachepa, imafewa ndipo imalemba mwakuda bii. Zilembo za H ndi B zimene timaziona pa pensulo zikunena zomwezo. Labala adatchuka cha m'ma 1770. Izi zisadachitike anthu ankafufuta ndi nyenyeswa za buledi. Kotero chida chidakwanira: cholembera chimene chimalola munthu kusintha maganizo.

Mau akuti katuni adachokera ku Italy, kumene cartone lidali pepala lochindikala limene mmisiri ankayeserapo chithunzi asadachijambule pakhoma la tchalitchi. M'chaka cha 1843 magazini ya Punch ya ku London idagwiritsa ntchito mauwa monyogodola pa chithunzi cha John Leech, choseka boma limene lidaonetsa zoyesera za zithunzi zokongoletsera Nyumba ya Malamulo pamene amphawi ankagona ndi njala. Dzinalo lidakanirira. Onani kuti kuyambira pachiyambi katuni ndi dzina la chinthu choyesera, chosamalizika. Liu linzake, caricatura, nalonso nla ku Italy, ndipo tsinde lake likutanthauza kusenzetsa katundu. Abale a banja la Carracci ku Bologna, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ankasewera posenzetsa nkhope za anthu katundu woposa amene Mulungu adazipatsa: wamphuno yaikulu nkumuonjezera mphuno, wadazi nkumukulitsira dazi.

Tsopano tilowe m'ntchito yeniyeniyo. Tiyerekeze kuti wojambula akufuna kupanga munthu amene alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula amamdziwa bwino: wogula mbewu uja amakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yake nyengo yokolola. Ntchito imayamba pensulo isadagwidwe. Wojambula amakhala pamsika nkumayang'ana, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Amaona momwe munthuyo amaimira, kumene maso ake amathawira pamene sikelo ikugwedezeka, momwe amanyambitira chala powerenga ndalama, ndi momwe chikwama chimakhalira pamimba. Mwa zonsezi ayenera kusankhapo chimodzi kapena ziwiri. Akatenga zonse, atulutsa chithunzi cha kamera, ndipo palibe adzaseke. Akatenga cholakwika, atulutsa munthu wina.

Akakhala patebulo, amatenga pensulo yolimba, yosongola bwino ndi lezala, ndipo saigwira pafupi ndi nsonga monga polemba kalata, koma chapatali, kuti dzanja limasuke. Mzere woyamba si wa diso kapena wa mphuno ayi. Ndi mzere umodzi wopindika, wochokera kumutu kukafika kuphazi, umene ukhale msana wa munthuyo. Wonyada msana wake umapindikira kumbuyo, wangongole umapindikira kutsogolo, wakuba umakhota ngati mbedza. Pa mzere umenewu amamangapo tizinthu tozungulira: dzira la mutu, dzungu la mimba, timitengo ta miyendo. Ili ndi phaso la nyumba, ndipo monga phaso, silidzaoneka udzu ukafoleredwa. Munthu weniweni wamkulu, ukamuyeza ndi mutu wake womwe, amakwana mitu 7 kapena 8 kutalika kwake. Wa m'katuni kawirikawiri amangokwana mitu 3 kapena 4, chifukwa nkhani yonse ili pankhope ndipo nkhopeyo iyenera kupatsidwa malo.

Pankhopepo ndi pamene pali zodabwitsa. Rodolphe Töpffer, mphunzitsi wa ku Geneva amene ambiri amati ndiye kholo la nthano za m'zithunzi, adalemba m'chaka cha 1845 kuti mutu uliwonse umene munthu angajambule, ngakhale mosadziwa, umakhala ndi khalidwe lake, ndipo ntchito ya wojambula ndiyo kusuntha kamzere kamodzi nkuona kuti khalidwelo lasintha bwanji. Yesani nokha. Jambulani madontho awiri a maso ndi nsidze zake. Tsitsani nsidze chapakati, munthu wakwiya. Zikwezeni chapakati pomwepo, munthu wadandaula. Kwezani imodzi yokha, munthu wakayika. Wojambula amachita izi maulendo makumi angapo papepala limodzi, mizere ina pamwamba pa inzake, kufikira pepala litada. Pakati pa mizere khumi yolakwika pamakhala umodzi woona, ndipo akauona amatenga pensulo yofewa nkuudinda. Nthawi zambiri munthu amene watuluka sakhala amene adamuganizira poyamba. Dzanja limapeza zimene mutu sudadziwe.

Pali mayeso angapo amene amisiri a ntchitoyi amachita. Amatembenuza pepala nkuliunika pawindo, kapena kuliika pagalasi, pakuti diso lozolowera limabisa chilema, koma chithunzi chikatembenuka diso lopendekeka limaonekera poyera. Amadetsa thupi lonse kuti likhale ngati mthunzi, nkuona ngati munthuyo akuzindikirikabe. Akapanda kuzindikirika, ndiye kuti sadabadwe. Amamjambula chakumaso, chammbali ndi chakumbuyo, akuseka, akulira, akuthawa, kuti sabata yamawa asadzasanduke wina. Amasiyiratu malo a mau, ndipo wojambula m'Chichewa amasiya malo aakulu kuposa mnzake wa Chingelezi, popeza mau athu ndi aatali. Amakumbukiranso kuti chithunzi chidzachepetsedwa posindikiza, kotero timizere tambirimbiri tidzangosanduka matope. Zonsezi zikatha, amadutsamo ndi inki, nadikira kuti iume, kenaka labala amasesa mizere yonse ya pensulo. Ena ankagwiritsa ntchito pensulo yobiriwira ngati thambo, imene kamera ya osindikiza siinkaiona. Wowerenga amalandira mzere umodzi wosalala, nkumayesa kuti udabwera wokha.

Kusankha chinthu chimodzi, kuchikulitsa, nkuchiika pamaso pa anthu kuti aseke ndi kuphunzira: kodi ife izi tidaziyamba ndi nyuzipepala? Iyayi. Aliyense amene adakulira ku Msundwe, ku Nambuma kapena kwa Kalolo adaziona pabwalo la gule wamkulu. Za kudambwe nza eni ake, ndipo sitizikhudza pano. Tikunena zokhazo zimene mayi, mwana ndi mlendo amaziona dzuwa likuswa mtengo. Chadzunda amatuluka ndi nkhope yakuda yamakwinya, akuyenda motsimphina ngati nkhalamba, ndipo asadavine nkomwe bwalo lonse ladziwa kale kuti wafika ndani. Makanja ndi wamtali mopitirira muyeso wa munthu. Simoni ali ndi nkhope yofiira ngati Mzungu amene dzuwa lamuwamba. Maliya ali ndi nkhope yosalala ndi mayendedwe ofatsa. Chilombo chilichonse chimapambana mayeso a mthunzi aja: ungachizindikire chili kutali, m'fumbi, madzulo.

Mayina a Simoni ndi Maliya akutiuza nthawi. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Likuni kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ndi ya Nambuma m'chaka cha 1928, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa mishoni ndi nyau udakula kwambiri m'chigawo chapakati, monga adalongosolera Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden. Mishoni idabwera ndi sukulu, sileti, choko, kope ndi pensulo. Idabweranso ndi zithunzi ndi ziboliboli za oyera mtima. Mudzi udayang'ana alendowo modekha, nusankha powagwira, nuwatulutsa pabwalo. Pamene galimoto idafika, nayonso idalowa m'gule. Wansembe wina wa chipani chomwecho cha White Fathers, Claude Boucher, amene adayambitsa malo a Kungoni ku Mua m'chaka cha 1976, adatha zaka zambiri akulemba ndi kujambula zilombo mazanamazana, ndipo buku lake la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, likuonetsa kuti zilombo zatsopano zakhala zikubadwa m'badwo uliwonse, zina zodzudzula kuledzera ndi chiwerewere, zina zonena za ndale mophiphiritsa. Bungwe la UNESCO lidalemekeza gule wamkulu m'chaka cha 2005, ndipo chaka chotsatira lidalemekezanso zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, kumene pa malo 127 pali zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Dzanja lojambula si lachilendo kuno.

Sindikunena kuti gule ndi katuni. Gule ndi mwambo wa mizimu, wa maliro ndi chinamwali, ndipo kuseketsa ndi mbali imodzi chabe ya ntchito yake. Komanso pali kusiyana kwina kumene kukutithandiza kumvetsa mbiri. Chilombo sichiimbidwa mlandu. Chingadzudzule mkamwini waulesi, ngakhale nyakwawa yadyera, koma palibe angachitengere kubwalo la milandu, pakuti si munthu. Wojambula katuni alibe chitetezo chotere. Dzina lake amalisaina pakona pa chithunzi, ndipo aliyense akudziwa kumene amagwira ntchito. Malo okha obisika amene ali nawo ndi pepala la pensulo lija, pamene angayese chilichonse labala ali pafupi.

Kuopsa kwake kudaoneka kale ku France. M'chaka cha 1831 Charles Philipon adamuimba mlandu wonyoza Mfumu Louis-Philippe. Ali m'khoti adajambula zithunzi zinayi: choyamba nkhope ya mfumu, chachiwiri chofanana ndi choyamba, chachitatu chofanana ndi chachiwiri, ndipo chachinayi chidali chipatso cha peyala ya Chizungu, chopyapyala kumwamba, chotupa kumasaya. Funso lake lidali lakuti: mlandu ukuyambira pa chithunzi chiti? Adamlamula kukhala m'ndende miyezi 6, koma chipatsocho chidayamba kuoneka pa makoma a mzinda wa Paris, pakuti ngakhale mwana ankatha kuchijambula. Chaka chotsatira mnzake Honoré Daumier naye adalowa m'ndende kaamba ka chithunzi cha mfumu yomweyo. Kufupi kuno, Jonathan Shapiro wa ku South Africa, wodziwika kuti Zapiro, adamera mpopi wa shawa pamutu pa Jacob Zuma kuyambira mu 2006. Zuma adamsumira, koma adachotsa mlandu mu 2012. Mzere woona ukapezeka, suchokanso pamunthu.

Tsono taganizani za Malawi wa pakati pa 1964 ndi 1994. Mwina palibe mtsogoleri amene adali wosavuta kujambula kuposa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Chipewa chakuda, magalasi akuda, suti ya zidutswa zitatu, ndodo ndi litchowa: mwana wa Sitandade 4 akadatha kumtulutsa ndi mizere khumi. Komabe nyuzipepala za m'dziko muno sizikadayerekeza. Lamulo la 1967 linkateteza dzina la Pulezidenti pamodzi ndi mbendera. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zithunzi. Lamulo la 1973 lidalamula kavalidwe, kotero kuti ngakhale siketi yojambulidwa idayenera kuyezedwa ndi diso lamantha. Daily Times ndi Malawi News zidali m'manja mwa kampani ya Ngwazi yomweyo. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza; wojambula adadziwa kuti pensulo nayo ndi mlomo.

Luso silidafe, lidangopatuka. Posaloledwa kukhudza akuluakulu, ojambula adayang'ana munthu wamba ndi zochita zake. Brian Hara adapatsa awerengi a Malawi News Pewani, ndipo pambuyo pake adadzabala Zabweka. Vic Kasinja adapanga Joza ndi Taxina, anthu a moyo wa m'tauni. Ku midzi ngati yathu, kumene nyuzipepala yogula inkafika mwa apo ndi apo, ambiri adakumana ndi katuni m'nyuzipepala yaulere ya Boma Lathu, mwa Chatsalira. Tamverani mayinawo: Pewani, Zabweka, Chatsalira. Ndi mayina a chifanizo, onena khalidwe la mwini wake, monga momwe amatchulidwira anthu a m'nthano ndi zilombo za pabwalo. Boma lidaona kuti chithunzi chimafika kumene kalata siifika, pakuti ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amaona yekha amene wapusa, ndipo lidagwiritsa ntchito zithunzi pophunzitsa ulimi, ukhondo ndi sukulu ya kwacha. Koma chida chimene chimaphunzitsa anthu kuseka waulesi chimawaphunzitsanso kuyang'ana. Ndipo munthu wophunzira kuyang'ana sasiyira pa waulesi.

Zinthu zidatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. M'miyezi yotsatira nyuzipepala zatsopano zidamera ngati bowa, ndipo nkhope zimene kwa zaka pafupifupi 30 zinkangooneka m'mafelemu a m'maofesi ndi pa nsalu za mbumba zidayamba kuoneka zitasenzetsedwa katundu. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 nayo idali nkhondo ya zithunzi ziwiri, nyali ndi tambala wakuda. Dziko lidasankha nyali, ngakhale kuno kuchigawo chapakati ambiri adaponyera tambala, ndipo tisabise kuti kwa anthu ambiri a m'midzi yathu kuona Ngwazi itajambulidwa monyoza kudali ngati kuona mwana akuvula bambo ake chipewa. Steve ndi Moira Chimombo, m'buku lawo la 1996, The Culture of Democracy, adaika makatuni a zaka zimenezo pamodzi ndi ndakatulo, nyimbo ndi timapepala ta usiku monga mboni za kusinthako. Atsogoleri onse amene adabwera pambuyo pa chisankho cha 17 Meyi 1994 adalowa m'boma akudziwa kuti mphuno, mimba ndi mayendedwe awo zili m'manja mwa ojambula.

Apa mpamene pali udindo. Kukulitsa chinthu nkosavuta. Kusankha choyenera kukulitsa ndiyo nzeru. Wojambula angakulitse dyera la munthu, angakulitsenso chilema chake, mtundu wake kapena umphawi wake, ndipo zonsezi anthu adzaseka. Wogula mbewu wathu uja, tikamkulitsa chala chimene chikukankha sikelo, tanena zoona zimene mlimi akuzidziwa. Tikamkulitsa chilankhulo cha kwawo, tafesa udani. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma wakudula khutu ndi mdani. Chisankho chimenechi sichichitika pa inki, pakuti pofika pa inki mlandu watha kale. Chimachitika pa pensulo, pamene mizere iwiri ili pamodzi ndipo umodzi uyenera kufufutidwa. Lero ambiri akujambula pa kompyuta ndi pa foni, ndipo chithunzi chochokera ku Lilongwe chimafika pa Msundwe m'kamphindi kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Makinawo amafufuta mwaukhondo kuposa labala, osasiya nkhungu ngakhale pang'ono. Koma kufulumira kwake kwachepetsa nthawi imene munthu ankakhala ndi mzere wake asadautulutse.

Chotsiriza nchakuti tisunge mapepala akudawo. Hergé, amene adapanga Tintin, atamwalira mu 1983 adasiya nthano yosamaliza, ndipo mu 1986 idasindikizidwa momwemo, ili m'mizere yoyesera. Anthu a kwawo ku Belgium adammangira nyumba yosungiramo ntchito zake mu 2009. Ife nyuzipepala zosindikizidwa tingakazipeze ku National Archives ku Zomba, koma m'menemo muli mzere wotsiriza wokha. Wolemba mbiri amene akufuna kudziwa chimene wojambula wa 1978 adaganiza, nachiopa, nachifufuta, ayenera kuona pepala la pensulo, pamene nsonga idasiya mkwasa ngakhale labala adadutsapo. Mabanja amene ali ndi makope otere m'masutikesi asakulungire mandasi. Aphunzitsi a ku Mpingu, ku Nsaru ndi ku Kabudula, mukapeza mwana atajambula nkhope yanu kumapeto kwa kope la masamu, ndipo kalasi yonse yaizindikira, musafulumire kuthyola ndodo. Mfunseni chimene adaona, ndi chifukwa chake adasankha chimenecho.